Mabiti 200 ali mu laputopu, koma woyimba wolipira sakubwera

Mnyamata wina wa zaka 21 wa ku Kasungu wandilembera chonchi: "Ndinalemba MSCE zaka ziwiri zapitazo koma sindinapeze malo kuyunivesite. Ndadziphunzitsa ndekha FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, pa laputopu ya achimwene anga, ndipo pano ndili ndi mabiti oposa 200. Ndimawaika pa status ndi pa Facebook, anzanga amati ndi moto, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anandilipirapo. Mayi akuti ndisiye zachibwanazi ndikaphunzire ntchito yamanja. Ndidzigulitse bwanji kuti anthu andidziwe ngati pulodyusa?"

Mphwanga, ndiyambe ndi mabiti 200 aja, chifukwa vuto lagona pamenepo. Biti si nyimbo. Amene amamva kukoma kwa biti yopanda mawu ndi mapulodyusa anzako, ndipo amenewo sadzakugula chifukwa nawonso ali ndi zawo mazanamazana. Munthu wolipira, kaya ndi woyimba, kaya ndi mkulu wa kwaya, amafuna kumva nyimbo yatha: mawu akumveka bwino pamwamba pa zing'wenyeng'wenye, besi yosaphwanya sipika, nyimbo yoti ikalira m'minibasi kapena pa kafoni ka mabatani imvekebe. Akamva yoteroyo amafunsa kuti wajambula ndani. Dzina la pulodyusa limayenda ndi funso limeneli. Ndiye m'malo mopanga biti ya 201, sankha zisanu zimene umazikhulupirira, upeze oyimba a kwanuko amene mawu ali nawo koma ndalama ya situdiyo alibe, mumalize nyimbo zisanu. Uzimalize ndithu, mpaka mixing ndi mastering (kusakaniza bwino mawu ndi zing'wenyeng'wenye, ndi kusalaza nyimbo komaliza), osati zija za "tidzakonza mawa."

Usathamangire oyimba otchuka. Aliyense wa iwo ali ndi pulodyusa wake amene anazolowerana naye, ndipo foni yake yadzaza ndi mabiti ochokera kwa anyamata onga iwe. Yang'ana woyimba wa msinkhu wako amene akulimbikira, amene amafika pa nthawi, amene amakwera pasiteji ngakhale pa zochitika zazing'ono. Akakwera iye, iwenso wakwera.

Pali msika wina umene anyamata a mabiti amaunyoza, pamene ndi umene umadyetsa masitudiyo ambiri kuno kwathu. Ndikunena makwaya. Pafupifupi mpingo uliwonse, wa CCAP, wa Katolika, wa Adventist, wa Assemblies of God, uli ndi kwaya kapena gulu la amayi limene likusonkha ndalama kuti lijambule chimbale. Anthu amenewa amabwera ndi nyimbo khumi nthawi imodzi, ndalama anasonkha kale, ndipo chimbale chikatuluka amachikhazikitsa pamaso pa mpingo wonse, makwaya ena oitanidwa ali pomwepo akumvetsera. Ntchito imodzi yabwino ikhoza kukubweretsera makwaya ena angapo osalipira kobiri la malonda. Kujambula anthu 20 ndi luso lina, losiyana ndi kujambula mnyamata mmodzi wa rap: uyenera kudziwa poika maikolofoni, kusiyanitsa mawu a soprano ndi a alto, ndiponso kudekha pamene amayi akubwereza ndime kachisanu ndi kamodzi. Phunzira zimenezo. Palinso timalonda ta pa wailesi. Maboma ambiri ali ndi wailesi za m'madera, ndipo eni mashopu, masukulu oyima paokha ndi mabungwe amafuna kanyimbo ka masekondi 30. Panga zitsanzo ziwiri, uvale bwino, upite nazo wekha ku wailesi ya kwanuko ukaonane ndi woyang'anira malonda. Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Mwina ukuganiza kuti zonsezi zikanatheka ukanakhala ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kumbukira Balaka. Situdiyo ya Imbirani Yahwe ya a Paul Banda sinali mumzinda waukulu, koma m'zaka za m'ma 1990 oyimba ankakwera basi kupita kumeneko, mpaka kamvekedwe ka nyimbo zochokera kumeneko kanatenga dzina la Balaka lenilenilo. Chinawakoka n'chakuti munthu ukangomva poyambira nyimbo unkadziwa kumene yaphikidwa. Funso kwa iwe ndi lomwelo: mwa mabiti ako aja, ndi angati amene munthu angawamve n'kunena kuti uyu ndi uje wa ku Kasungu? Ndikukayika ngati si amapiano lero, mawa afrobeats, mkuja drill, iliyonse kutsanzira imene yatchuka sabata imeneyo. Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Wa ku Johannesburg adzakuposa pa amapiano, wa ku Lagos adzakuposa pa afrobeats, koma alibe ng'oma za chimtali, za chisamba kapena za gule wamkulu zimene iwe wakula ukuzimva, alibe manganje, alibe kalindula wa tsidya la malire. Tenga chojambulira, upemphe chilolezo kwa eni ng'oma, ujambule, uzisanganize ndi zamakonozo. Ndikunenetsa za chilolezo, makamaka pa za gule, chifukwa si zonse zimene zimatengedwa kupita nazo ku situdiyo.

Tsopano za dzina. Sankha dzina limodzi losavuta kutchula ndi kulemba, likhale lomwelo pa Facebook, TikTok, YouTube, Audiomack ndi WhatsApp. Ika kamawu kako kodziwikira koyambirira kwa nyimbo iliyonse, kafupi, kamodzi kokha. Ndipo gwirizana ndi woyimba aliyense kuti dzina lako lilembedwe pa chithunzi cha nyimbo ndi paliponse pamene aiika. Nyimbo zambiri kuno zimayenda pa Bluetooth, pa memori khadi ndi kwa anyamata otchera nyimbo m'misika, kumene zolembalemba zonse zimatayika, n'chifukwa chake kamawu kaja n'kofunika. Pa zoika pa intaneti, bandulo ndi yodula, usaimwaze. Kavidiyo kosonyeza mawu a woyimba asanakonzedwe ndi pamene wawakonza kamagulitsa ntchito yako kuposa chithunzi chako utavala mahedifoni. Nambala ya ntchito ikhale pa WhatsApp Business, mitengo yolembedwa, zitsanzo zitatu zokonzeka kutumiza. Potumiza nyimbo kwa kasitomala kapena kwa DJ wa pa wailesi, itumize ngati document kuti ifike momwe ilili, dzina la woyimba, la nyimbo ndi lako zitalembedwa pa fayiloyo.

Nkhani ya ndalama ndi imene ndikufuna uimvetsetse kwambiri, chifukwa ndaona anyamata aluso akusiya ntchitoyi atatopa ndi kugwirira anzawo ulere. Nyimbo zisanu zoyamba zija ukhoza kujambula osalipiritsa, koma unene poyera kuti ukutero posinthana ndi dzina lako komanso gawo lako pa nyimboyo. Ikatha yachisanu, mtengo uyambe. Theka alipire musanayambe, pa Airtel Money kapena Mpamba kuti pakhale umboni, theka linalo asanatenge nyimbo yomaliza. Pomvetsera umupatse yokhala ndi kamawu kako kobwerezabwereza mkati. Mugwirizanenso kuti kukonza zimene sanakhutire nazo ndi kangati, apo ayi adzakubwerera kakhumi. Ndipo musiyanitse zinthu ziwiri: kumubwereka biti imene ungagulitsenso kwa wina, ndi kumugulitsa kuti ikhale yake yekha, imene mtengo wake uyenera kukwera. Mikangano yambiri ya oyimba awiri pa biti imodzi imayambira pa kusanena zimenezi.

Zonsezi zilembedwe, ngakhale pa pepala la m'kope: dzina la nyimbo, amene analemba mawu, amene anapeka nyimbo, gawo la aliyense pa 100, tsiku, ndi kusaina nonse. Ukapanga biti kuchokera poyambira, wapeka nawo nyimboyo, sunangobwereketsa makina. Pita ukalembetse ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa ntchito zaluso limene linakhazikitsidwa mu 1992 ndipo pano likuyendera lamulo la 2016. Bungweli limatolera ndalama kwa ogwiritsa ntchito nyimbo monga mawailesi ndi malo achisangalalo, komanso ndalama yodulidwa pa zipangizo zosungira nyimbo zikamalowa m'dziko, n'kugawira eni ntchito zolembetsedwa. Ngati woyimba walembetsa nyimbo yekha, dzina lako palibe, tsiku logawa iwe udzangomvera pa wailesi. Chenjeranso ndi kutapa zidutswa za nyimbo za ena popanda chilolezo: pa YouTube, Spotify ndi Boomplay nyimbo yotere imatha kutsitsidwa kapena ndalama zake kupita kwa mwini wake, ndipo woyimba amene anakulipira sadzabweranso.

Chimene chimabweza makasitomala, kuposa luso, ndi kusunga nthawi. Ukati Lachisanu, likhale Lachisanu. Magetsi amazima, tonse tikudziwa, ndiye lonjeza tsiku poganizira zimenezo, ndipo ndalama zoyamba ugulire batire ndi inveta usanaganize za sipika zazikulu. Ntchito ya munthu uisunge malo awiri. Laputopu ikafa ndi chimbale cha kwaya mkati, mbiri imeneyo idzafika mipingo yonse ya m'bomalo iwe usanadzuke.

Mayi, ndilankhule nanu pang'ono, poti ndikukhulupirira mwana wanu akuwerengerani yankholi. Nkhawa yanu ndi yoona. Ntchitoyi imachedwa kubala, ndipo si onse oiyamba amene amadya nayo. Koma mwana amene wadziphunzitsa yekha pulogalamu yovuta ngati imeneyi, n'kukhala nayo zaka ziwiri osatopa, si waulesi. Maganizo anu a ntchito yamanja musawataye, koma muwalunjike: akaphunzira zamagetsi, zokonza zipangizo kapena za kompyuta ku koleji ya ntchito zamanja pansi pa TEVETA, luso limenelo lidzamudyetsa masana komanso lidzamuthandiza mu situdiyo ndi poyendetsa zokuzira mawu pa maukwati ndi misonkhano, kumene ndalama imapezeka pafupifupi Loweruka lililonse m'chilimwe. Ngati mtima wake uli pa nyimbo basi, ku Music Crossroads ku Area 23 mu Lilongwe amaphunzitsa zoyimba, ku yunivesite ya MUST ku Thyolo kuli digiri ya African Musicology (maphunziro a nyimbo za mu Africa), ndipo ku yunivesite ya Malawi ku Zomba nyimbo zimaphunzitsidwanso. Mayunivesite a bomawa amafuna makirediti asanu ndi limodzi a MSCE kuphatikizapo Chingerezi, choncho ngati sanakwane, kubwereza mayeso si manyazi.

Ndikupemphani mumupatse miyezi 12, koma yokhala ndi zoti akuonetseni: nyimbo zisanu zomalizidwa pofika mwezi wachinayi, kalata ya umembala wa COSOMA, kwaya imodzi yojambulidwa, ndi kope limene akulembamo ndalama iliyonse yolowa ndi yotuluka. Kopelo muziliona limodzi pakutha pa mwezi uliwonse. Ndipo ngati muli m'kwaya ya amayi kumpingo kwanu, kasitomala wake woyamba akhoza kuchokera kwa inu.