Anati akufuna unamwino, ntchito ya ukalaliki n'kumudutsa

Funso: Aphungu, ndine mayi wa ku Ngabu. Mwana wanga wamkazi anakhoza MSCE, kenako anachita kosi ya zowerengera ndalama. Mwezi watha anamuitana ku intavyu ya ukalaliki pa sikimu ina ya nzimbe. Atamufunsa ntchito ya kumtima kwake, iye anati unamwino. Sanamutenge. Ndiye akananama?

Yankho: Mayi, kunama ayi, bodza limagwidwa pa funso lachiwiri. Koma taganizirani zimene analowa nazo m'khutu mabwana aja. Kalaliki watsopano amatenga miyezi kuti azolowere mabuku, adziwe alimi ndi manambala a minda yawo. Mwana akati "unamwino", iwo amamva kuti "kalata ya ku koleji ikangofika, ndapita." Ndani angaphunzitse munthu wa ulendo?

Chondiwawa n'chakuti mwana wanu anali ndi chida m'manja osachigwiritsa ntchito. Kuno kuchigwa mwezi wa Okutobala kutentha kumadutsa madigiri 40, ndipo olemba ntchito amadziwa kuti ena ochokera kumtunda sachedwa kupempha kusamutsidwa. Mwana wobadwira ku Ngabu, wodziwa kulankhula ndi agogo a ku Nsanje m'Chisena, ndi munthu wokhalitsa. Zimenezi azinene yekha, sadzamufunsa.

Mukhale naye pansi madzulo, mumufunse chimene chimamukoka ku unamwino. Kawirikawiri mwana amati ndi kuthandiza anthu, kapena kugwira ntchito yosafuna kuphonya. Zomwezo zilimonso mu ukalaliki. Atha kuyankha motere: "Ndimafuna ntchito imene masamu anga angathandize anthu akwathu. Nzimbe za mlimi zikapita ku fakitale ya ku Nchalo, matani ake alembedwe molondola, alandire ndalama yake yonse. Pofika zaka 5 ndikufuna ndidzakhale nditalemba mayeso a ICAM, bungwe la akatswiri owerengera ndalama, ndikusunga mabuku a sikimu ngati ino." Ziganizo zitatu zokha, koma zikusonyeza komwe akupita, ndipo njira yake ikudutsa pa mpando womwe akuupemphawo.

Asaloweze mawu angawa ngati ndakatulo ya ku pulayimale. Apange ake, awayeseze mokweza, m'Chingerezi ndi m'Chichewa momwe, inu mutakhala bwana. Muzimudula pakati, "chifukwa chiyani?", kuti azolowere.

Pali mayankho awiri amene ndimawamva mpaka kutopa nawo. Lina ndi "ntchito iliyonse, bola ndipezeko kangachepe." N'zoona, tonse timadya, koma lisamatuluke pakamwa m'chipindamo. Linalo ndi la anyamata: "ndikufuna ndipeze ya thiransipoti ya ku Joni."

Adziwenso zochitika kwawo. Ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme yochokera ku Kapichira ikubwera ndi ulimi wamthirira wa m'magulu, ndipo magulu otere amafuna osunga mabuku. Wotchula zimenezi amaoneka kuti anakonzeka.

Tsono ngati mtima wake ulidi pa unamwino, musauphe. Aone magiredi ake a Biology, masamu, Chingerezi ndi sayansi, ngati akuperewera alembenso, kenako afunsire malo ku koleji ya unamwino ya Trinity ku Muona kapena ku Malawi College of Health Sciences. Kumeneko akadzamufunsa funso lomweli, adzayankhe monga anayankhira pa sikimu paja.