Ana anu muwayambitse ndi Neria

Mayi wina wa ku Dzivarasekwa, kuno ku Harare m'dziko la Zimbabwe, wandilembera imelo. Akuti ana ake amangokhalira foni mpaka usiku, ndiye akufuna ndimutchulire mafilimu oti azionera nawo limodzi, owapatsa zoti aganize.

Mayi, funso lanuli landikumbutsa azakhali anga a ku Mufakose. Amuna awo atamwalira, anthu asanabalalike n'komwe pamaliro, abale a malemu anafika ndi lole. Ananyamula sofa, bedi, mbaula yamagetsi, ngakhale makina osokera amene azakhali ankadyetsera ana. Anangowasiyira mphasa ndi mapoto. Ine ndinali wamng'ono, koma ndimawaonabe ataima pakhomo, chitenje chili m'chiuno, osalira, maso ali pa makina aja akukwezedwa. Panalibe wamkulu ndi mmodzi yemwe amene anatsegula pakamwa. Kenaka tsiku lina tinakaonera filimu ya ku Zimbabwe yotchedwa Neria pa TV ya aneba, nyumba itadzaza, ana tili pansi. Mlamu wake wa Neria atayamba kulanda katundu wa m'bale wake, azakhali anaimirira n'kunena mokweza kuti, "Ameneyu ndikumudziwa!" Filimu itatha akuluakulu anakangana mpaka pakati pa usiku, ena ati ndi mwambo, ena ati ndi umbava basi. Nkhani imene inakhala yobisika zaka zambiri inatuluka usiku umenewo.

Nkhani ya filimuyi analemba ndi Tsitsi Dangarembga, wotsogolera anali Godwin Mawuru, Jesesi Mungoshi ndiye anali Neria, ndipo Oliver Mtukudzi anasewera ngati mlongo wake. Neria sanangolira ayi, anapita kukhoti. Zimbabwe inasintha lamulo la chuma cha masiye mu 1997, ndipo Malawi inakhazikitsa lake mu 2011 loti kulanda katundu wa malemu ndi mlandu. Koma pitani pamaliro lero, mukamve zimene zimanong'onedwa kuseri kwa nyumba.

Ndipo ine ndimakana ndithu zoti ana a masiku ano safuna zinthu zozama. Ndife makolo amene timawapatsa foni kuti atisiye tipume, kenaka n'kumadandaula kuti sadziwa kanthu. Mwana wanu akudziwa chifukwa chake chitupa cha agogo ake chinkawatchula kuti mlendo, chonsecho anakalambira m'mafamu ndi m'migodi ya dziko lino? Muonetseni Democrats, ya Camilla Nielsson ya mu 2014. Kamera ikutsatira andale awiri a zipani zopikisana, Paul Mangwana ndi Douglas Mwonzora, akukokanakokana polemba malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe. Malamulo amenewo, a mu 2013, ndi amene anaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka, n'kutsegulanso njira ya unzika kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Filimuyi inaletsedwa kuno kwa zaka zingapo. Si ya ana aang'ono, angagone, koma wa Fomu 4 ayenera kuiona.

Za kumudzi

The Boy Who Harnessed the Wind ya Chiwetel Ejiofor, ya mu 2019, ili pa Netflix. Ndi nkhani ya William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, amene anasiya sukulu posowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, n'kupanga makina a mphepo ndi zitsulo zotola kudzala. Ambiri amadandaula ndi Chichewa cha Ejiofor, amene anasewera ngati bambo ake a William, ndipo n'zoona kuti lilime lake n'lolemera. Koma ana obadwira ku Harare akamva chilankhulo cha agogo awo chikutuluka mu TV, nkhope zawo zimasintha. Muwafunse kuti banjali linafika bwanji podya kamodzi patsiku, ndiponso kuti chimanga chinapita kuti.

Mukapeza mafilimu a Shemu Joyah wa ku Malawi musawasiye: Seasons of a Life, ya mtsikana wantchito amene bwana wake anamuchimwitsa, ndi The Last Fishing Boat, ya msodzi wa pa Nyanja ya Malawi amene nsomba zikumuthera. Awiriwa muyambe mwaonera nokha, muli nkhani za akuluakulu.

Filimu imodzi pa sabata yakwana. Mukhale mutaitsitsiratu pamene magetsi alipo, mafoni onse aikidwe patebulo, wanunso, ndipo ikatha muyambe mwafunsa mwana wamng'ono kuti wolakwa anali ndani.