Kupereka ndalama za kafukufuku wa mphumu ya ana n'kothandizadi?

Achemwali, ndaona funso lanu loti mwana wanu amupeza ndi mphumu ndiye mwakumana ndi bungwe lomwe likupempha anthu kuti asonkhe ndalama za kafukufuku wa matendawa, inu nkumadabwa kuti bwanji osangogulira ana ma inhela, tizipangizo topopera mankhwala mkamwa tija, poti mankhwala alipo kale. Pepani kaye ndi matendawo, usiku umatalika zedi ukakhala tcheru kumvetsera pachifuwa pa mwana pakulira ngati likhweru, iye ali tsonga akukanika kugona, pakhosi apa pakulowa mkati akamakoka mpweya, iwe nkumangoyang'ana nthawi kuti kucha liti.

Mbali ina mukunena zoona. A WHO amati mu 2019 anthu pafupifupi 262 miliyoni anali ndi mphumu ndipo 455,000 anamwalira nayo, ambiri mwa iwo mmaiko osauka komwe munthu amadwala zaka osayezedwa komanso ma inhela sapezeka mokwanira. Ndiye wogulira mwana inhela akuchita chinthu chachikulu, izo sindingatsutse.

Koma mankhwala alipowa sachiza mphumu, amangoigwira kuti isavute. Ndipo ngakhale iwowo sanangopezeka okha ayi. Inhela yopopera ija inayamba mu 1956, salbutamol amene amakhala mu inhela ya buluu ija anayamba kugulitsidwa mu 1969, ndipo yoteteza yokhala ndi beclometasone inabwera mu 1972. Ya buluu imangomasula timapaipi ta mmapapo tikafinyika, mwana nkupuma bwino pakangopita mphindi zochepa, nchifukwa chake makolo timaikonda. Koma gwero la vuto ndi kutupa kwa mkati mwa timapaipito, ndipo kutupako kumachepa ndi yoteteza ija imene mwana amayenera kupopera tsiku ndi tsiku ngakhale akuoneka kuti ali bwinobwino. Kwa zaka zambiri anthu a mphumu yocheperako amangopatsidwa ya buluu yokha basi, mpaka mu 2019 pamene a GINA, omwe amalemba malangizo a kasamalidwe ka mphumu padziko lonse, anasintha nkunena kuti akuluakulu ndi achinyamata asamadalire iyo yokha chifukwa kafukufuku anaonetsa kuti otere amatha kubanika modetsa nkhawa mwadzidzidzi. Chikhala kuti panalibe ofufuza bwenzi tikupitirizabe zakalezo.

China chimene chimandikhudza kwambiri ine ndi nkhani ya botolo. Mwana wamng'ono satha kupopera ndi kukoka mpweya nthawi imodzi, mankhwala ambiri amathera mkamwa ndi pakhosi osafika mmapapo, nde pamafunika kachubu kaja amati spesa kuti mankhwalawo ayambe aima mmenemo mwana nkumakoka pang'onopang'ono. Spesa yogula ambiri sangaikwanitse. Dokotala wa ana Heather Zar ndi anzake ku Cape Town anayesa botolo wamba la pulasitiki la 500ml, kuliboola kumatako kwake nkulowetsapo inhela, mwana nkumakoka kukamwa kwa botololo, ndipo zotsatira zomwe anatulutsa mu 1999 zinaonetsa kuti likugwira ntchito mofanana ndi spesa yogula. Tsono taganizani, ndi kampani iti ingawononge ndalama zake kutsimikiza kuti botolo lotayidwa likufanana ndi katundu amene iyo ikugulitsa? Makampani amafufuza zimene adzagulitse, sikulakwa, ndi bizinesi, koma mafunso a mtundu wa botolowa amadikira ndalama za boma kapena za anthu akufuna kwabwino, ndipo za boma nazonso zimalimbirana ndi matenda ena ambirimbiri. Apa ndi pomwe mabungwe othandiza pa kafukufuku ngati Wellcome kapena Asthma + Lung UK a ku Britain amalowera, ndipo nthawi zambiri ndalama zoterezi ndi zimene zimathandiza wofufuza wachinyamata kuyesa ganizo lake koyamba asanakhulupiriridwe ndi opereka ndalama zikuluzikulu.

Ndipo mafunso otsala ndi ambiri, makamaka a ana. Mwana wosakwana zaka 5 sangathe kuuzira bwino mu makina oyezera mapapo, choncho dokotala amangodalira zizindikiro, ndiye ana ambiri amangolandira mankhwala a chibayo mobwerezabwereza pomwe vuto ndi mphumu. Pakufunika njira yosavuta komanso yotchipa yoyezera tiana totere. Pakufunikanso kudziwa msanga kuti ndi mwana uti amene kubanika kudzamuthera akamakula ndi uti amene adzakhale nako moyo wonse, komanso mmene tingapewere kuti mphumu isayambe nkomwe. Majakisoni a mphumu yovuta kwambiri alipo, monga omalizumab amene anavomerezedwa ku America mu 2003, koma mtengo wake mabanja ambiri sangaufikire. Komanso kafukufuku wambiri amachitikira mmaiko olemera pomwe imfa zambiri zikuchitikira kwina, zimenezi zimandipweteka mtima.

Nde ine ndikuti ngati muli ndi kangachepe kotsala perekani, koma mankhwala a mwana wanu akhale oyamba, musadzimve olakwa ngati mwezi uno sizikutheka. Musanapereke afunseni a bungwelo ngati analembetsa kuboma, kafukufuku amene akulipirira ndi uti, akuchita ndani, ndipo zotsatira amazitulutsa kuti. Bungwe lenileni silikwiya ndi mafunso amenewa.

Za mwanayo, mukapitanso ku chipatala apempheni akuonetseni kapoperedwe ndi spesa muli pompo, akulembereninso zoyenera kuchita akabanika, ndipo aphunzitsi ake adziwe komwe inhela imakhala. Mukaona kuti akulephera kumaliza mawu polankhula, nthiti zikulowa mkati, milomo yasintha mtundu kapena ya buluu ija sikuthandiza, musadikire kuti kuche, thamangirani naye ku chipatala nthawi yomweyo.