Sikirini ikumawala n'kuzilala yokha

Funso: Ndimatayipa makalata a anthu pa kashopu kanga ku Ndirande. Magetsi akangozima, sikirini ya laputopu yanga ya Windows 11 imayamba kuwala n'kumazilala yokha, mpaka maso kuwawa. Kodi yafa?
Mayi wa ku Ndirande

Yankho: Mayi, mtima pansi, musathamangire nayo kwa okonza ku Limbe. Laputopuyo ikuchita dala. Ikakhala pa batire, imayang'ana zomwe zili pasikirini n'kusintha kuwala kuti moto usathe msanga. Inenso yanga inandizunguza mutu sabata yathunthu, ndinkangoti ndi maso angawa.

Tsegulani Settings, kenako System, kenako Display. Pansi pa Brightness pali mawu akuti "Change brightness based on content", pamenepo sankhani Off. Mukaonanso "Change brightness automatically when lighting changes", zimitsani.

Ikapitiriza makani, wolakwa ndi pulogalamu ya Intel Graphics Command Center. Tsegulani pulogalamuyo, m'menemo lowani pa System, kenako Power, muzimitse Display Power Savings. Ngati zamkati mwa laputopu yanu ndi za kampani ya AMD osati Intel, chinthu chomwechi amachitcha Vari-Bright.

Batire izitha msangako pang'ono, ndiye magetsi akabwera, chaja pakhoma.