Kwa achemwali amene afunsa za mabuku a chikondi cha m'maiko amatsenga ndi a maboma ankhanza

Achemwali, mwafunsa ngati mabuku a nkhani zopeka amene atchuka zaka zino, aja a chikondi cha m'maiko amatsenga ndi aja onena za maboma opondereza anthu, ndi oyeneradi kuwataira nthawi, komanso ngati ife amene tawawerenga anatikhudzadi mtima kapena tikungotsatira gulu. Mwafunanso kudziwa loyambira. Ine ndawerenga angapo a mitundu yonse iwiri, ndipo ndiyankha malinga ndi momwe ndinamvera powerenga, ngakhale ndikudziwa kuti ena m'gulu muno aona mosiyana. Mathero a nkhani sindiulula, koma pali malo amodzi pamene ndikhudze za pakati pa nkhani, ndipo ndikuchenjezani ndikafikapo.

Mitundu iwiriyi si yotalikirana monga momwe anthu amaionera. Yonse imaika munthu pafupi ndi imfa, yonse ili ndi olamulira obisa choonadi, ndipo pafupifupi yonse ili ndi anthu okondana. Chimene ine ndimayang'ana n'chakuti m'mabuku ena zoopsa zimangoikidwamo kuti ziyandikizitse anthu awiri okondana, pamene m'mabuku ena chikondi ndicho chimachititsa kuti zoopsazo zimupweteke wowerenga, chifukwa mpangankhani ali ndi chinthu chamtengo wapatali chimene angalandidwe. Oyambawo ndimawamaliza msanga ndipo amandisangalatsa, koma sakhalitsa m'maganizo. Enawo amandisautsa kwa nthawi yaitali ndipo ndi amene ndimafuna kukambirana ndi anthu.

Ndiyambe ndi Fourth Wing la Rebecca Yarros, limene linatuluka mu 2023 ndipo linatchuka kwambiri kudzera mwa owerenga a pa TikTok. Mpangankhani wamkulu ndi Violet Sorrengail, mtsikana wa zaka 20 amene anaphunzitsidwa kuti adzakhale mlembi wosunga mbiri ya dziko, koma amayi ake, amene ndi mkulu wa asilikali, anamukakamiza kulowa sukulu ya nkhondo ya Basgiath kumene achinyamata amaphunzira kukwera zinjoka zouluka. Kumeneko akukumana ndi Xaden Riorson, mwana wa mtsogoleri wa anthu oukira boma amene anaphedwa, ndipo awiriwa akuyamba ndi kuopana ndi kudana asanakondane. Bukuli limathamanga, mutu uliwonse umatha pamalo poti munthu sangaleke, ndipo zinjoka ziwiri za Violet, Tairn ndi Andarna, zili ndi makhalidwe omveka bwino kuposa anthu ena a m'nkhanimo.

Chimene chinandikhudza kwenikweni si chikondi cha awiriwa ayi, koma thupi la Violet. Mfundo za thupi lake ndi zofooka, zimabinya ndi kuguluka mosavuta, ndipo iye amazimanga ndi nsalu tsiku ndi tsiku asanapite kukalimbana ndi anzake amphamvu. Mlembi mwiniwake amadwala matenda otchedwa Ehlers-Danlos, ndipo zikuoneka kuti analemba ululu umene amaudziwa. Violet sachira mozizwitsa kuti nkhani iyende. Amapambana pogwiritsa ntchito nzeru, pophunzira za mankhwala apoizoni, ndiponso polola kuti amupangire chishalo chapadera pamene ena amakwera zinjoka popanda chogwirira. Wina aliyense amene anakhalapo ndi matenda osaoneka kunja angamve kuti apa pali choona.

Koma pali chimene chinandivuta. M'mawa uliwonse pa sukulu imeneyi amawerenga maina a ophunzira amene afa, ndipo amafa ambiri, ena tsiku loyamba lomwelo pogwa pa kanjira kopapatiza ka pamwamba. Mwa imfa zonsezi, ndi zochepa chabe zimene zinandimvetsa chisoni, chifukwa ambiri amafa tisanawadziwe, ndipo tsamba lotsatira timapezeka tabwerera ku maso a Xaden ndi kugunda kwa mtima wa Violet. Boma limene limataya ana ake motero ndi nkhani yaikulu yoyenera kuifufuza mozama, ndipo Yarros amaiyamba, makamaka pamene zikuoneka kuti mbiri imene Violet anaphunzira inasinthidwa mwadala, koma sakhalapo nthawi yokwanira. Iron Flame, buku lachiwiri la nkhani yomweyi limene linatuluka kumapeto kwa 2023 momwemo, linanditopetsa ndi mikangano yobwerezabwereza ya awiriwa yokhudza kubisirana zinsinsi, ndipo lachitatu, Onyx Storm la 2025, ndinaliwerenga makamaka pofuna kudziwa za zinjoka.

Apa ndiye pamene ndikhudze za pakati pa nkhani, choncho amene safuna kudziwiratu adumphe ndime ino. Mabuku a Sarah J. Maas oyamba ndi A Court of Thorns and Roses la 2015 si atsopano kwenikweni, koma ambiri mwa amene akulembedwa lero akutsata njira imene iwo anaitchukitsa. Loyambalo ndi nkhani ya Feyre, mtsikana wosaka nyama amene watengedwa kupita ku dziko la zolengedwa zamatsenga ndipo wakondana ndi Tamlin, yemwe anamugwirayo. Ine silinandikoke kwambiri. Lachiwiri, A Court of Mist and Fury la 2016, ndilo linandidabwitsa, chifukwa limaonetsa Feyre atasweka mtima ndi zimene anaona, akulota zoopsa usiku, pamene Tamlin uja akumutsekera m'nyumba ponena kuti akumuteteza. Mlembi analimba mtima kunena kuti chikondi chimene owerenga anachisangalalira m'buku loyamba chasanduka ndende, ndipo mkaziyo ali ndi ufulu wochoka. Chodandaulitsa n'chakuti njira yake yotulukira ndi mwamuna wina wamphamvu koposa woyambayo, wokongola koposa, ndipo wopanda cholakwa chimene nkhaniyo singachikhululukire. Ndikanakonda kumuona Feyre ataima payekha kwa kanthawi.

Mwa mabuku a chikondi a mtundu uwu, limene ndimalikumbukira ndi mtima wofewa ndi Divine Rivals la Rebecca Ross, la 2023. Iris ndi Roman ndi atolankhani achinyamata olimbirana ntchito imodzi pa nyuzipepala, pa nthawi imene milungu ili pa nkhondo ndipo anthu wamba ndiwo akufa. Iris amalembera makalata mlongo wake amene anapita kunkhondo osamvekanso, ndipo mwa matsenga a makina akale otaipira, makalatawo amafika kwa Roman. Chikondi chawo chikukula kudzera m'mawu olembedwa, mwapang'onopang'ono, pakati pa maliro ndi umphawi, ndipo akafika kumalo a nkhondo munthu amawaopera moona chifukwa wawadziwa. Matsenga ake ndi ochepa ndipo dziko lake silinalongosoledwe mokwanira, koma nkhondo yake siili ngati chokongoletsera.

Tsopano ku mabuku a maboma ankhanza. Sunrise on the Reaping la Suzanne Collins, limene linatuluka mu Malichi 2025, ndinalitenga ndi mtima wokayika, poganiza kuti nkhani ya The Hunger Games, imene inayamba mu 2008, inatha kale. Limanena za Haymitch ali mnyamata wa zaka 16, zaka 24 zisanachitike zimene zili m'buku loyamba, pa mpikisano wa nambala 50 pamene likulu la dziko la Panem linalamula kuti zigawo 12 zipereke ana 48 m'malo mwa 24 kuti akaphane pamaso pa dziko lonse. Amene anawerenga mabuku akale akudziwa kuti Haymitch anapulumuka ndipo anadzakhala chidakwa chokhala chokha, kotero funso la bukuli si lakuti apulumuka kapena ayi, koma lakuti chinamuchitikira n'chiyani mnyamata wokonda amayi ake, mng'ono wake ndi bwenzi lake Lenore Dove kuti afike pamenepo. Kuwerenga masamba oyambirira, pamene akuseka ndi mtsikanayo, kumapweteka chifukwa cha zimene ukudziwa kale.

Chimene chinandigwira mtima koposa ndi momwe boma limasinthira zimene zachitika. Ife owerenga timaona zenizeni kudzera m'maso mwa Haymitch, kenako timaona zimene anthu a m'dzikomo akuonetsedwa pa wailesi ya kanema, zitadulidwa ndi kulumikizidwanso kuti kuukira kuoneke ngati kumvera ndipo chifundo chioneke ngati dyera. Munthu amene anachita zinthu molimba mtima akusiyidwa ndi mbiri yabodza imene sangaitsutse. Collins ananena kuti polemba bukuli ankalingalira maganizo a David Hume, katswiri wa nzeru zakuya wa ku Scotland wa zaka za m'ma 1700, amene anadabwa ndi momwe anthu ochuluka amalolera kulamulidwa ndi ochepa mosavuta. Funso limeneli likubwera m'kamwa mwa achinyamata a m'bukumo mosabisa, mwina mobwerezabwereza kuposa momwe kunafunikira, koma ndi funso loyenera, ndipo imfa ya mwana aliyense m'bukuli ili ndi dzina ndi nkhope. Apa ndi pamene ndinaonera bwino chimene chinasowa pa sukulu ya zinjoka ija.

Buku limene linandilemera kuposa onse ndi Prophet Song la Paul Lynch, limene linapata Booker, mphoto ya mabuku a m'Chingerezi, mu 2023. Mulibe matsenga, mulibe mpikisano, ndipo dziko lake ndi Ireland wa masiku ano amene chipani chankhanza chatenga boma ndi kukhazikitsa malamulo a nthawi ya chipwirikiti. Nkhani ikuyamba ndi apolisi achinsinsi awiri akugogoda pakhomo usiku mu mzinda wa Dublin, kufuna Larry Stack, mmodzi wa akuluakulu a bungwe la aphunzitsi. Posakhalitsa Larry akusowa pambuyo pa zionetsero, ndipo mkazi wake Eilish, wasayansi, akutsala ndi ana anayi pamodzi ndi bambo ake okalamba amene ayamba kuiwalaiwala. Mchemwali wake wa ku Canada akumupempha kuti athawe, koma iye akukana, ndipo zifukwa zake ndi zomveka zonse: mwamuna wake angabwere n'kupeza nyumba yopanda anthu, mwana wamkulu ali ndi sukulu, bambo ake sangayende, ndipo zinthu zotere sizingapitirire m'dziko la malamulo.

Lynch analemba popanda kugawa ndime ndiponso popanda zizindikiro zosonyeza wolankhula, kotero tsamba lonse limakhala lodzaza ndipo munthu sapeza popumira. Poyamba zimavuta, koma kenako umazindikira kuti ndi momwe Eilish akukhalira, wopanda mpata woima ndi kuganiza, akufunafuna mkaka wa mwana wakhanda kwinaku dziko likugwa. Mlembiyu ananena kuti nkhondo ya ku Syria ndi mavuto a anthu othawa kwawo zinali m'maganizo mwake polemba, ndipo cholinga chake chikuoneka poyera, chakuti wowerenga wa m'dziko la mtendere aleke kufunsa chifukwa chimene anthu amachedwera kuthawa kapena chimene amaikira ana awo m'maboti. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ena amalidzudzula bukuli ponena kuti silifotokoza momwe chipanicho chinatengera boma, ndiponso kuti zimene likuzitcha zopeka anthu a m'maiko ambiri anaziona kale ndi maso awo. Chachiwirichi ndikuchivomereza, ndipo ndikuganiza kuti mlembi akuchidziwa. Choyambacho sichinandivute, chifukwa mayi amene ali pakati pa mavuto otere saona dziko lonse, amaona khomo lake ndi ana ake. M'bukuli mulibe chikondi chachibwenzi chimene chimagulitsa mabuku ena aja, komabe ndi buku la chikondi kuyambira tsamba loyamba, ndipo pali mutu wina wa kuchipatala umene ndinaumaliza ndikulira.

Nditchule mwachidule Chain-Gang All-Stars la Nana Kwame Adjei-Brenyah, la 2023, lonena za America amene akaidi amaphana pa wailesi ya kanema polonjezedwa ufulu akapulumuka zaka zitatu. Pakati pa nkhaniyi pali akazi awiri okondana, Loretta Thurwar ndi Hamara Stacker, ndipo m'munsi mwa masamba mlembi anaikamo mfundo zoona zokhudza ndende za dzikolo. Ndi lankhanza kwambiri ndipo lili ndi apangankhani ambiri osokoneza poyamba, koma limamufunsa wowerenga chifukwa chimene iyenso akusangalalira ndi ndewuzo.

Za loyambira, zikudalira momwe mtima wanu ulili panopa. Ngati mwatopa ndipo mukufuna buku lokubwezerani chilakolako chowerenga, tengani Fourth Wing popanda kuchita manyazi, chifukwa kusangalala ndi nkhani yothamanga si kulakwa, ndipo anthu ambiri amene anasiya kuwerenga abwerera kudzera m'mabuku otere. Ngati mukufuna chikondi chodekha, Divine Rivals ndilo, pokumbukira kuti nkhani yake ikumalizidwa m'buku lachiwiri, Ruthless Vows. Sunrise on the Reaping lingawerengedwe palokha, koma limapweteka mokwanira kwa amene anayamba ndi mabuku atatu oyambirira a 2008, 2009 ndi 2010. Prophet Song musalitenge pa nthawi imene muli ndi nkhawa za m'banja kapena maliro atsopano.

Chenjezo lina ndi la achemwali amene amagawana mabuku ndi ana kapena adzukulu. Zikuto za mabuku a Yarros ndi a Maas zimaoneka ngati za nthano za ana, koma mkati mwake muli zogonana zolongosoledwa poyera, ndipo a Yarros analembedwera akuluakulu. A Collins ndi a Ross analembedwera achinyamata, ngakhale kuti Sunrise on the Reaping lili ndi imfa za ana zimene wazaka 12 kapena 13 angafune kuzikambirana ndi munthu wamkulu akaliwerenga.