Geni ya masitampa ndi mapasa ake a pa intaneti: yankho kwa mphwanga

Mphwanga, uthenga wako ndauona. Ukuti wina wa ku Johannesburg akutsatsa pa Facebook masitampa okhala ndi mapasa ake pa intaneti, ndipo ukufuna kudziwa mmene geni ya masitampa imayendera usanathiremo ndalama zako za nandolo. Wachita bwino kufunsa usanatumize kanthu. Dziwa poyamba kuti ine chondidyetsa pa Muloza ndi zitenje ndi nsomba zouma. Masitampa ndi geni yapambali, yodekha, yosafuna munthu amene mawa akufunika fizi ya mwana.

Ndiyambe ndi zomwe wafunsazo. Amene anayambitsa ndi a positi a ku Austria, mu June 2019. Anatulutsa masitampa 150,000, iliyonse pa mtengo wa mayuro 6.90, yojambulidwa kavalo wa nyanga imodzi wa m'nthano za azungu. Chinthucho n'chachikulu ngati khadi ya ku banki ndipo chili ndi mbali ziwiri. Mbali imodzi ndi sitampa yeniyeni, ukhoza kuithyola n'kumata pa phukusi. Mbali inayo ili ndi QR code, kachizindikiro ka timabokosi kowerengedwa ndi kamera ya foni, ndi mawu achinsinsi obisidwa pansi pa chophimba. Mawu amenewo ndiwo kiyi wa chithunzi chake cha pa intaneti, chomwe amati NFT, cholembedwa m'kaundula wa Ethereum amene aliyense angathe kumuwerenga koma palibe angafufutemo kanthu.

Tsono nyambo yake ili apa. Papepala masitampa onse 150,000 amafanana, koma mapasa ake a pa intaneti anawagawa mitundu isanu: akuda 78,500, obiriwira 40,000, abuluu 20,000, achikasu 10,000, ofiira 1,500 okha. Ugula osadziwa, uyika foni pa QR code, pamenepo m'pamene umaona mtundu umene wakugwera. Wopeza wofiira ankagulitsa pamtengo wokwera kwambiri, wopeza wakuda n'kutsala ndi sitampa wamba. A ku Switzerland anatsatira mu November 2021 ndi masitampa 175,000 a mafaranki 8.90, ndipo anatha tsiku lomwelo. A United Nations ali nawo, a ku Germany anatulutsa awo mu 2023, ndipo kuno ku Africa a Ghana Post anatulutsa mu 2024 polemekeza Otumfuo Osei Tutu II, mfumu ya Asante, itakwanitsa zaka 25 pampando. A ku Austria mu 2020 anafika pojambulapo chiuli, chomwechi chofwamba njuchi kumudzi.

Ukamagula kwa munthu osati ku positi, ukugula katundu muwiri, ndipo uyenera kumuona yense muwiri. Zili ngati khadi ya mayunitsi: yokala kale ndi pepala chabe, ngakhale ikuwala chotani. Wogulitsa akhoza kumatula chophimba, n'kusamutsira NFT ku chikwama chake cha pa intaneti, kapena kungojambula mawu achinsinsiwo n'kudikira, iwe n'kulandira khadi yooneka bwino koma m'kati mulibe. Ndiye usanalipire umuuze akutumizire chithunzi cha QR code, usikane wekha pa foni yako, uone ngati NFT ikadali pa adiresi ya sitampayo ndi mtundu wake. Akutumizirenso kanema woonetsa chophimba chili chosakhudzidwa, pamodzi ndi kapepala kolembapo dzina lako ndi tsiku. Akayamba zoti netiweki ikuvuta, kapena kuti ena akudikira uchite changu, musiye. Ndipo wina aliyense wokupempha kuti umuwerengere mawu achinsinsi "kuti akuthandize kutsegula" ndi mbava, zilibe kukambirana.

Ngakhale katundu ali bwino, funso la wamalonda ndi limodzi: ugulitsa kwa ndani? Pa Limbuli palibe angakufunse. Ogula ali ku Ulaya, komwe akhoza kugula kwa anansi awo popanda kulipira mtengo wotumizira kuchokera ku Mulanje. Ugula ndi mayuro kapena marandi pamene ndalama zakunja zikusowa m'mabanki, ndipo kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Kusamutsa NFT nakonso kuli ndi kamsonkho kake kolipira mu ndalama za pa intaneti zotchedwa crypto, zimene a Reserve Bank of Malawi ananena kale kuti si ndalama zovomerezeka m'dziko muno; zikakuvuta ulibe kokadandaula. Onjezerapo kuti mitengo ya ma NFT inakwera mu 2021 kenako n'kugwa kwambiri. Ine masitampa oterewa ndimawagwira pokhapokha munthu waoda n'kulipiriratu, ndipo changa chimakhala cha mayendedwe basi. Mpamba wanga sindiuikamo.

Komwe ife a kuno tingapose mzungu ndi pa pepala lakale, chifukwa lili m'masutukesi a agogo athu. Dziko lino linayamba kukhala ndi masitampa mu 1891, olembedwa B.C.A., British Central Africa. Dzina la Nyasaland linabwera mu 1907, kenako chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, kenako Malawi pa 6 July 1964. Masitampa a Malawi oyambirira ali ndi mitengo ya mapeni ndi masheleni, chifukwa kwacha ndi tambala zinayamba mu 1971. Zimenezi uziloweze, pakuti ukangoona sitampa uyenera kudziwa nyengo yake usanatsegule buku la mitengo la Stanley Gibbons. Bukulo limathandiza kuzindikira katundu, koma mitengo yake usaikhulupirire. Wogula weniweni amapereka kagawo chabe ka zomwe zalembedwamo.

Anthu ambiri amaganiza kuti sitampa ikakhala ndi nkhope ya mfumu ya ku Mangalande kapena ya Kamuzu ndiye kuti ndi chuma. Ayi. Ambiri anasindikizidwa ochuluka zedi ndipo amagulitsidwa pamulu. Chimene chimakoka ogula ndi envulopu yathunthu: sitampa, chidindo, adiresi, zonse zili pamodzi. Envulopu yochokera ku esiteti ya tiyi, chidindo chake chikuwerengeka bwino kuti MLANJE kapena CHOLO monga ankalembera atsamunda, tsiku likuoneka, kumbuyo kuli chidindo china cha Limbe, imeneyo ndimaigwira ndi manja awiri. Makalata a azibambo amene anapita ku Joni pa Wenela, kapena ku Salisbury (Harare wa lero), nawonso ali ndi owafuna. Choncho usayerekeze kunyika envulopu m'madzi kuti umatule sitampa. Ukatero wataya ndalama ndi dzanja lako. Kalata ya m'kati ndimaitulutsa n'kubwezera eni ake pomwepo. Nkhani za m'banja la anthu si malonda.

Kutsidya, ku Milange, n'kumene ndimapeza zina zosowa kuno. Kale zigawo zingapo ku Mozambique zinali ndi masitampa akeake: a Zambezia, a Quelimane, a Companhia de Moçambique ya ku Beira, ndi a Companhia do Nyassa ojambulidwa nyamalikiti ndi ngamila, amene anatuluka mu 1901. A ngamilawo ndi okongola moti mtima umadumpha, koma alipo ambiri ndipo achinyengo ake ndi osawerengeka, ndiye usalipire ngati wapeza golide. Chenjeranso ndi masitampa amakono owala kwambiri olembedwa Moçambique, ojambulidwa osewera mpira ndi magalimoto a mpikisano. Ambiri amasindikizidwa kunja kuti agulitsidwe kwa osonkhanitsa, sanamatidwepo pa kalata ku Mocuba, ndipo pogulitsa sabweza kanthu. Ogulitsa abwino kumeneko ndi achikulire amene ankagwira ntchito m'masitolo ndi m'mamishoni. Sufika ndi kufunsa mtengo. Upereka moni, ukhala pansi, ufunsa za mvula, ubwereranso ulendo wina, mwina pamenepo m'pamene katini ka mabisiketi kodzaza maenvulopu kamatuluka kuchipinda. Chilomwe chimathandiza kuposa Chipwitikizi. Ulipire mu meticais, ndalama za kumeneko, usinthiretu usanakambe mtengo.

Pa boda palibe chachilendo. Chiphaso chako chikhale m'manja, katundu umuonetse kwa a MRA pamodzi ndi zina zonse, ndipo ukhale ndi kabuku kolembamo chomwe wagula, kwa ndani ndi pa mtengo wanji. Njira zachidule zowoloka mtsinje ndi kabaza zisiye, makamaka nthawi ya mvula, pakuti pepala likanyowa latha.

Mdani wamkulu kuno kwathu ndi chinyontho. Chiperoni chikagwa masiku angapo, guluu wa kumbuyo kwa masitampa osagwiritsidwa ntchito amafewa, n'kumatirirana okhaokha. Pepala limachita timadontho tofiirira tomwe sitichoka. Mphemvu nazo zimakonda guluu ameneyu. Ine ndimasunga m'bokosi lapulasitiki lotseka bwino, pamwamba pa kabati osati pafupi ndi khoma, m'kati ndimaikamo timapaketi toyamwa chinyontho tomwe timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano, ndipo timeneti ndimatiyanika padzuwa nthawi ndi nthawi. Sitampa sugwira ndi zala, umagwira ndi kopanira kachitsulo kosalala nsonga. Uiike pa nsalu yakuda uwerenge mano ake a m'mbali. Dzino limodzi likathothoka mtengo watsika. Kenako uiyang'anitse kudzuwa, uone ngati pepala silinapyapyale pamene wina anamatulapo. Selotepu ndi sitepula zisayandikire.

Pogulitsa pali njira ziwiri. Zamtengo wochepa ndimasonkhanitsa n'kupatsira mnzanga wodalirika wopita ku Johannesburg, komwe kuli masitolo ndi magulu a osonkhanitsa masitampa, ndalama n'kubwera pa Mukuru. Zabwino ndimajambula kutsogolo ndi kumbuyo, pa kuwala kwa panja, n'kutumiza pa WhatsApp kwa ogula amene ndinazolowerana nawo. Vuto lililonse, kaya kung'ambika kaya kadontho, ndimalitchula ndekha asanalione, chifukwa anthu amenewa amadziwana ndipo mbiri yoipa imafika kwa onse sabata isanathe. Potumiza ndimaika pakati pa makatoni awiri olimba, m'kapulasitiki, pa kalata ya rejisitala, ndipo pa envulopuyo ndimamata masitampa okongola a Malawi a mbalame kapena a nsomba za m'nyanja. Ogula amasunganso envulopuyo.

Ndiye za munthu wako wa ku Johannesburg: mufunse dziko limene linatulutsa sitampayo, chaka chake, ndi zithunzi zija ndanena, unditumizire tione limodzi. Ndalama za nandolo zikhale kaye pomwe zili. Loweruka ndikhala pa Limbuli kuyambira m'mawa. Upite kwa agogo ako ukapemphe sutukesi ya malemu aja, ubwere nayo osatsegula maenvulopu, osamatula kanthu.