Ntchito yatha, inshuwalansi ya kuchipatala ikuthanso: musadikire Novembala

Funso la sabata ino lachokera kwa mayi wina wa ku Indiana, ku America. Akuti: "Ndinkagwira ntchito yosamalira okalamba koma yatha pa 12 Malichi. Kalata ya kuntchito ikuti inshuwalansi ya kuchipatala ya ine ndi mwana wanga wa zaka 9 itha pa 31 Malichi. Ine ndimamwa mankhwala a BP tsiku lililonse, mwanayu ali ndi mphumu. Mnzanga wa kutchalitchi akuti kulembetsa inshuwalansi ina kumatsegulidwa mu Novembala basi. Mapepala a COBRA abwera koma mtengo wake wandidula miyendo. Ndili ndi green card, ndipo ndikufuna kuyamba kabizinesi koluka tsitsi. Nditani?"

Mayi, pepani ndi za ntchitozo. Mnzanuyo sananame, koma wakuuzani theka la nkhani. N'zoona kuti kulembetsa kwa aliyense pa Marketplace, msika wa inshuwalansi womwe unabwera ndi lamulo la 2010 lija anthu amalitcha Obamacare, kumayamba pa 1 Novembala. Koma munthu amene wataya inshuwalansi chifukwa ntchito yatha ali ndi khomo lakelake, lotchedwa Special Enrollment Period. Kaya anakuchotsani kaya munasiya nokha, khomolo ndi lanu.

Limatseguka masiku 60 inshuwalansi isanathe, n'kukhalabe chotsegula masiku ena 60 itatha. Powerenga musayambire pa 12 Malichi ayi. Yambirani pa 31 Malichi, tsiku lomwe inshuwalansi ikutha, ndiye kuti malire anu agwera pa 30 Meyi. Tengani cholembera mulembe tsikuli pa kalendala ya kukhitchini. Likangodutsa, mudzakhaladi mukudikira Novembala.

Koma ine sindikufuna kuti mufike kumalire kumeneko. Inshuwalansi ya pa Marketplace imayamba kugwira ntchito tsiku loyamba la mwezi wotsatira. Mukasankha Malichi asanathe, yatsopano iyamba pa 1 Epulo, osakhala tsiku ngakhale limodzi pamtetete. Mukazengereza mpaka pa 3 Epulo, iyamba pa 1 Meyi, ndipo mwezi wonsewo mukhala mukupemphera kuti mphumu isamugwire mwana usiku. Kwathu kuno mwana akabanika timathamangira naye ku chipatala cha boma, sitimayamba tafunsa mtengo. Kumeneko usiku umodzi wa ku emergency ukhoza kukusiyirani ngongole yodya mpamba wonse wa bizinesi musanaluke mutu ndi umodzi womwe.

Indiana imagwiritsa ntchito webusaiti ya boma ya HealthCare.gov, ndiye pitani pamenepo. Sungani bwino kalata ya kuntchito ija, yomwe ili ndi dzina lanu ndi tsiku lomwe inshuwalansi ikutha. Akafuna umboni, amapereka masiku 30 kuchokera pamene mwasankha kuti muutumize. Ndipo kusankha pakokha sikokwanira: inshuwalansi siyamba musanalipire ndalama ya mwezi woyamba. Za BP ndi mphumu musade nazo nkhawa. Lamulo silimalola kampani za pa Marketplace kukukanani kapena kukukwezerani mtengo chifukwa cha matenda omwe muli nawo kale.

Tsopano za COBRA. COBRA ndi lamulo lomwe limakulolani kupitiriza inshuwalansi yomweyo ya kuntchito, nthawi zambiri mpaka miyezi 18, ngati kampaniyo ili ndi antchito 20 kapena kuposerapo. Mtengo wakudzidzimutsani chifukwa kale bwana ankakulipirirani gawo lalikulu, inu n'kumangoona kachidutswa kodulidwa pa malipiro. Tsopano zonse zili pamutu panu, ndi 2 peresenti yowonjezera pamwamba. Pali anthu omwe COBRA imawayenera, monga amene ali pakati pa chithandizo chachikulu ndipo sakufuna kusintha dokotala, kapena amene alipira kale deductible yonse ya chaka chino (ndalama zomwe umayamba walipira wekha kuchipatala inshuwalansi isanayambe kulipira). Kwa munthu amene malipiro aima ngati inu, ndimaona kuti nthawi zambiri ndi katundu wolemera.

Msampha wake ndi uwu, ndipo umandiwawa chifukwa umakola anthu ochita zinthu mosamala. Munthu amatenga COBRA poopa kukhala chabe, amalipira miyezi itatu, ndalama n'kumuthera, n'kusiya. Akapita ku Marketplace amapeza kuti masiku 60 aja anatha kalekale, ndipo kusiya COBRA mwa kufuna kwako kapena polephera kulipira sikutsegula khomo lina. Choncho fananizani mitengo panopa, zitseko zonse zikadali zotsegula. Mapepala a COBRA musataye. Muli ndi masiku osachepera 60 oti muvomere, ndipo mukavomera n'kulipira, imabwerera m'mbuyo kuyambira tsiku lomwe inshuwalansi inatha.

Polemba fomu akufunsani ndalama zomwe mukuyembekeza kupeza chaka chonse, chifukwa thandizo la boma lochepetsa mtengo limatengera pamenepo. Apa m'pamene bizinesi yanu ikulowera. Phatikizani malipiro a Januwale mpaka Malichi, ndalama za unemployment (zomwe boma limapereka kwa amene ntchito yawathera) ngati muzilandira, ndi phindu la kuluka. Ndati phindu, osati zonse zolowa m'manja: chotsani zomwe mwagulira mesh, mafuta, zipeso ndi lendi ya mpando ngati mukubwereka malo mu saluni. Gulani kope lero, muzilembamo kasitomala aliyense ndi chilichonse chomwe mwagula. Mukatchula ndalama zochepa dala kuti thandizo likule, pa nthawi ya msonkho adzakuuzani kuti mubweze. Bizinesi ikayamba kuyenda bwino, lowaninso pa akaunti yanu musinthe nambalayo.

Fomu yomweyo idzaonanso ngati mukuyenera Medicaid, inshuwalansi ya boma ya opeza zochepa, yomwe kwa akuluakulu kwanuko imatchedwa Healthy Indiana Plan, ndiponso ngati mwana angalowe mu Hoosier Healthwise, yomwe imathandiza ana. Izi zilibe nyengo, amalembetsa chaka chonse. Ambiri a green card amayenera kudikira zaka 5 asanalandire Medicaid, koma ngati mwanayo anabadwira komweko ndi nzika, ndipo nkhani yake amaiona payokha.

Posankha musangoyang'ana yotchipa pamwezi. Tengani botolo la mankhwala anu ndi inhaler ya mwana, muziike patebulo, muone ngati mayina ake ali pa mndandanda wa mankhwala omwe kampaniyo imalipira, ndiponso ngati dokotala wa mwanayo amailandira. Ngati ndalama zanu za chaka ndi zochepa, yang'anitsitsani inshuwalansi za pa Marketplace za gulu lotchedwa Silver, chifukwa ndi zokhazo zomwe zimatsitsa deductible kwa opeza zochepa. Chenjeraninso ndi oimba foni otsatsa inshuwalansi ya miyezi yochepa yotchipa modabwitsa. Zambiri mwa izo sizilipira matenda omwe munthu unali nawo kale, ndiye kwa inu BP ndi mphumu zikhoza kutsala panja.

Fomu ikakuzunguzani mutu, pali anthu otchedwa navigator omwe amathandiza kulemba popanda kulipiritsa, ndipo pa HealthCare.gov pomwepo mupeza omwe ali pafupi nanu. Pitani ndi kalata ija, green card, mapepala omaliza a malipiro anu (pay stub) ndi kope lanu la bizinesi, sabata ino.